Njira ya Mbatata

Bambo Nkoloma afika ndi chikwama choposa msana wawo,
zingwe zili lendelende, botolo uku, botolo uko,
nsapato zikununkhabe m'sitolo.
Akuti adokotala awauza kuti mtima wawo ukufuna chitunda.
Ine ndavala zanga za pakaunjika,
ndipo mtengo ndawauziratu pansi pomwe,
kuti tisakakangane kumwamba.

Tayambira kuseri kwa nyumba zakale za boma
zimene malata ake adafiira ngati mano a wosuta chingambwe.
Akufunsa dzina la mtengo uliwonse.
Uwu ndi paini. Uwo bulugamu.
Ichi chitsa nchadzulo, onani utomoni sunaume.

Njirayi sindidaiphunzire m'kalasi.
Ndidaiphunzira ndi khosi.
Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri ndinkatsika pano
ndi mtolo wa nkhuni wondiposa kawiri,
nkhata ya chitenje chakutha itaphwatalala pamutu,
Asiyatu patsogolo, ine pambuyo,
makutu ali tcheru kuopa likhweru la alonda a nkhalango.
Mwala mwakhalapowo, bambo, muli wefuwefu,
ndi pomwe tinkatulira, miyendo ikunjenjemera.
Izi sindinena.
Ndingoti, imwani madzi pang'onopang'ono.

Pa Mulunguzi mphepo yayamba kuluma makutu.
Ana atithamangira ndi timbale ta sitiroberi,
wina wayala miyala yonyezimira pa thumba la feteleza.
Bambo Nkoloma agula osanenerera.
Anyani akutiyang'ana ngati tili nawo ngongole.

Kenako nkhungu.
Siodira, phiri ndi lake.
Yameza mapaini, yameza njira,
yameza chipewa chofiira cha mlendo wanga,
kwangotsala mawu: Mwandida! Muli kuti, Mwandida?
Ndili pano. Imani pomwepo.
Kumanzere kwanuko ndi phompho.
Munthu wa galimoto ziwiri wagwira nsonga ya juzi yanga
ngati mwana mumsika wa Loweruka.
Mapazi anga akuwerenga okha:
muzu, mwala, muzu, matope,
monga tsiku lija mvula idatipeza
Asiyatu nkuterereka, mtolo nkumugwera m'chiuno.
Mpaka lero amatsimphina ku Chinamwali
kumene amagulitsa tomato,
ndipo benchi lake adaliika chofulatira phiri.

Usiku takhoma matenti awiri pafupi ndi Chagwa.
Tiyi wa m'kachitini, chinangwa chootcha, achule.
Andifunsa ngati sinditopa nalo phirili.
Ndati phiri satopa nalo, bambo, amatopa ndi katundu.
Aseka, ayesa mwambi,
alemba m'kabuku kawo.

Kwacha koyera ngati sikunachitike kanthu.
Pansi apo Chilwa ali mbee,
ngati lata latsopano logwera m'dambo,
Chisi chili pakati, Mulanje uko wasenza mitambo yake.
Tauni yonse, msika, ndende, koleji,
ingakwane m'chikhatho.
Bambo Nkoloma akhala chete nthawi yaitali.
Kenako akuti, zaka makumi asanu ndili m'dziko muno,
sindinkadziwa.
Ine ndikufunafuna denga limodzi ku Chinamwali.
Kuchokera kuno madenga onse ndi ofanana.

Potsika, kumbuyo kwathu kwamveka phazi lolemera,
lija lothamanga mosafuna.
Atsikana atatu, mitolo itatu,
nsonga za nkhuni zikukwapula udzu.
Mlendo wanga watulutsa foni.
Ayi bambo, patukani.
Wosenza saima, akaima khosi limadziwa kulemera kwake.

Wotsiriza ndi wamng'ono, nkhata yamusunthira kukhutu.
Ndathamanga naye masitepe asanu,
ndaikankhira pakati ndi chala chimodzi.
Sanacheuke. Sakanatha.

Pamsewu Bambo Nkoloma awerenga ndalama,
awonjezerapo ina, akuti ya nkhungu ija.
Akuti adzabweranso ndi anzawo a kuofesi.
Ndalandira ndi manja awiri.
Chikwama changa nchopepuka, mulibe kanthu koma tenti yonyowa,
koma njira yonse ya kunyumba
ndayenda khosi lili chilili,
osacheuka.